Mafunso a Owerenga: Kodi wosewera waphindu koma wotsika mtengo mu fantasy basketball amapezeka bwanji?

Mwezi uno makalata ambiri abwera kuchokera kwa anthu amene amasewera fantasy basketball, masewera amene munthu amasonkhanitsa osewera enieni a mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, n'kupanga timu yake ya pa intaneti, ndipo amapambana kapena kugonja malinga ndi zimene osewerawo achita m'bwalo. Tasankhapo anayi amene akufunsa za osewera amene anthu sawawerengera koma ali ndi phindu.

FUNSO: Bambo, ndasewera sizoni zitatu mu ligi ya anthu 12 pa webusaiti ya Yahoo, ndipo chaka chilichonse ndimatsata mndandanda umene kompyuta imandionetsa pa tsiku losankha osewera. Ndimatenga mayina odziwika, koma ndimathera kumunsi kwa ligi, pamene mnzanga amene amatola osewera oti sindinawamvepo wafika mu fainolo kawiri. Kodi iyeyo akuona chiyani chimene ine sindikuchiona?

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo amasiyanitsa mtengo wa wosewera ndi phindu lake, ndipo zinthu ziwirizi kawirikawiri siziyendera limodzi. Mndandanda umene mukuutsatawo umatsamira kwambiri pa zimene wosewera anachita sizoni yatha, komanso pa malo amene anthu a m'maligi ena akhala akumutengera, nambala imene pa Yahoo, ESPN ndi Fantrax amailemba kuti ADP. Nambala imeneyi imakuuzani maganizo a chigulu, ndipo chigulu chimakumbukira dzina ndi mapointi a chaka chatha, koma chimachedwa kuzindikira zimene zasintha m'timu pakati pa mwezi wa Juni ndi Okutobala. Sindikunena kuti muutaye mndandandawo. Pa maulendo awiri kapena atatu oyamba osankha, pafupifupi aliyense amadziwa osewera oyenera kutengedwa, ndipo palibe chifukwa chodzipangira njira yanuyanu. Koma mu ligi ya anthu 12 imene aliyense amatenga osewera 13, osewera 156 ndi amene amatengedwa mwa osewera pafupifupi 450 a m'matimu 30 a NBA, ndipo ligi imapambanidwa kuyambira pakati mpaka kumapeto kwa mndandanda umenewu, kumene anthu ambiri amakhala atatopa n'kumangodina dzina limene lili pamwamba.

Chinthu choyamba chimene ine ndimawerenga ndi mphindi. Gemu ya NBA ndi ya mphindi 48, ndipo timu iliyonse imakhala ndi osewera asanu m'bwalo, kutanthauza kuti mphunzitsi ali ndi mphindi 240 zoti agawe pa gemu iliyonse. Katswiri akachoka m'timu, mphindi zake 35 ndi mipira 20 imene ankaponya sapita nazo. Zimatsala pomwepo, ndipo wina mwa otsalawo kapena obwera kumene ayenera kuzitola. Ntchito yanu ndi kumudziwa wotolayo anzanu asanamudziwe.

Chitsanzo chimene sindichiiwala ndi cha Utah Jazz mu 2022. Mu Julayi timuyi inatumiza Rudy Gobert ku Minnesota, mu Seputembala inatumiza Donovan Mitchell ku Cleveland ndi Bojan Bogdanović ku Detroit. Usiku wosankha osewera mu ligi yathu ndinali ndi kapepala pambali pa kompyuta, ndipo pa kapepalapo ndinali nditalemba manambala atatu okha, 25.9, 18.1 ndi 15.6, amene anali mapointi a pa gemu a Mitchell, Bogdanović ndi Gobert mu sizoni yapitayo. Kuwaphatikiza, anali mapointi pafupifupi 60 opanda mwini. Pansi pake ndinalemba dzina la Lauri Markkanen, amene anabwera ku Utah m'malonda a Mitchell aja, ndipo ku Cleveland ankapeza mapointi 14.8 chifukwa mpira unkayamba wadutsa m'manja mwa anzake usanafike kwa iye. Nditamutenga, panalibe ndi mmodzi yemwe mu ligimo amene anadandaula kuti ndamulanda munthu wake. Sizoni imeneyo Markkanen anapeza mapointi 25.6 pa gemu, anasankhidwa kusewera mu All-Star, gemu ya akatswiri a mu ligi yonse, ndipo analandira mphoto ya wosewera amene wapita patsogolo kuposa onse. Luso lake silinabadwe mwezi wa Okutobala. Linalipo kale, ndipo chimene chinabwera chinali mpata.

Zoterezi zimachitika pafupifupi chaka chilichonse. James Harden atachoka pa benchi ya Oklahoma City kupita ku Houston mu Okutobala 2012, mapointi ake anakwera kuchoka pa 16.8 kufika pa 25.9. Jalen Brunson, amene ku Dallas ankasewera mumthunzi wa Luka Dončić, anachoka pa 16.3 kufika pa 24.0 atapita ku New York mu 2022. Nthawi zina wopindula sakhala wosamukayo koma wotsala: Harden yemweyo atachoka ku Philadelphia kumayambiriro kwa sizoni ya 2023-24, Tyrese Maxey ndiye anatenga udindo woyendetsa mpira, ndipo mapointi ake anachoka pa 20.3 kufika pa 25.9.

Chachiwiri, yang'anani osewera a pa benchi amene amachita zambiri pa mphindi zochepa. Mawebusaiti monga Basketball Reference amaonetsa zimene wosewera akanachita akanasewera mphindi 36, ndipo mukhoza kuziwerengera nokha pogawa nambala yake ndi mphindi zimene amasewera n'kuchulukitsa ndi 36. Dyson Daniels ali ku New Orleans mu 2023-24 ankalanda mpira ka 1.4 pa gemu mu mphindi pafupifupi 22, zimene pa mphindi 36 zikufika pa 2.3. Atasamukira ku Atlanta mu 2024 n'kupatsidwa mphindi pafupifupi 34, analanda mpira katatu pa gemu ndipo anatsogola mu ligi yonse. Pascal Siakam wa ku Cameroon nayenso anachoka pa mapointi 7.3 kufika pa 16.9 ku Toronto mu 2018-19, mphindi zake zitakwera kuchoka cha m'ma 21 kufika cha m'ma 32. Komabe nambala ya mphindi 36 imafuna kusamala, chifukwa wosewera wa pa benchi amakumana ndi anzake a pa benchi, ndipo ena amasewera mphindi zochepa chifukwa amachita mafaulo msanga kapena satha kutchinga kumbuyo, zinthu zimene mphunzitsi amaziona koma nambala ija siizionetsa. Choncho musangofunsa kuti wosewerayo angachite chiyani pa mphindi 36. Funsaninso kuti ndani ayenera kuchoka kuti mphindizo zipezeke, ndipo ngati wachokadi.

Pali chenjezo limodzi limene ndikufuna mulisunge. Wosewera wotsika mtengo chaka chino amakhala wokwera mtengo chaka chamawa, chifukwa chigulu chija chimamuzindikira mochedwa n'kumuthamangira mopitirira muyezo. Mikal Bridges anapeza mapointi 26.1 pa magemu 27 ku Brooklyn atasinthanitsidwa ndi Kevin Durant mu Febuluwale 2023, kuchoka pa 17.2 ku Phoenix, ndipo amene anali naye miyezi imeneyo anakolola. Amene anamugula mokwera mu sizoni yotsatira poyembekezera mapointi omwewo analandira 19.6.

FUNSO: Bambo, ligi yathu ndi ya magawo 9, ndipo timapikisana awiriawiri mlungu uliwonse. Timu yanga ndi imene imapeza mapointi ambiri mu ligi yonse, koma pafupifupi mlungu uliwonse ndimapambana magawo atatu n'kugonja asanu ndi limodzi. Mwamuna wanga akuti ndi tsoka chabe. Kodi ndi zoona?

YANKHO: Mayi, si tsoka ayi, ndipo ndikukhulupirira kuti vuto lanu ndi losavuta kulikonza kusiyana ndi la anthu ambiri. Mu ligi yanuyo mapointi ndi gawo limodzi lokha, lolemera mofanana ndi ma rebound (kugwira mpira umene wakana kulowa), ma assist (kupatsira mnzako mpira umene iye waulowetsa), kulanda mpira, kutchinga mpira, mipira ya mapointi atatu, peresenti ya mipira yolowa, peresenti ya ma free throw (mipira yoponya popanda wotchinga pambuyo pa faulo) ndi kuchepetsa kutaya mpira. Kupambana gawo la mapointi ndi mapointi 200 kumakupatsani chimodzimodzi ndi kupambana gawo la kutchinga mpira ndi mpira umodzi. Tsono timu ya NBA masiku ano imapeza mapointi opitirira 110 pa gemu, koma imalanda mpira pafupifupi ka 8 ndi kutchinga pafupifupi ka 5. Chosowa ndiye chimakhala chamtengo, ndipo wosewera mmodzi amene amatchinga mipira iwiri pa gemu akhoza kukupambanitsirani gawo lonse yekha, pamene palibe wosewera amene angachite zimenezo pa mapointi.

Apa ndi pamene pamabisala osewera ambiri osawerengeredwa, chifukwa nkhani za masewera zimalengeza amene wapeza mapointi 30 ndipo sizilabadira amene wapeza 8. Pa 10 Febuluwale 2017, Draymond Green wa Golden State anapeza mapointi 4 okha posewera ndi Memphis, koma anapereka ma assist 10 ndi kulanda mpira ka 10. Munthu woyang'ana mapointi okha akanati usiku umenewo Green sanachite kanthu, pamene amene anali naye mu ligi ya magawo anapatsidwa pa usiku umodzi zolanda zimene osewera ena amazisonkhanitsa milungu iwiri. Brook Lopez ndi chitsanzo china chimene ndimachikonda. Mu sizoni zake 8 zoyamba analowetsa mipira itatu yokha ya mapointi atatu, kenaka mu 2016-17 analowetsa 134, ndipo ali ku Milwaukee mu 2022-23 ankatchinga mipira 2.5 pa gemu uku akuponyabe kuchokera patali. Wosewera wamtali amene amatchinga, amaponya kuchokera patali ndiponso saononga ma free throw amathandiza magawo amene kawirikawiri sapezeka mwa munthu mmodzi, koma dzina lake silikopa anthu pa tsiku losankha.

Magawo a peresenti ndi amene amasokoneza anthu ambiri, ndipo ndikukaika ngati si kumene inunso mukutayira. Peresenti payokha siikwanira; muyenera kuyang'ananso kuchuluka kwa mipira imene wosewerayo amaponya. Tiyerekeze kuti osewera anu ena onse alowetsa ma free throw 80 mwa 100 pa mlungu. Mukawonjezerapo wosewera amene amaponya 12 pa gemu koma amalowetsa pafupifupi 64 peresenti, monga mmene Giannis Antetokounmpo ankachitira mu 2022-23, pa magemu atatu akubweretserani 23 mwa 36, ndipo timu yanu igwa kuchoka pa 80 kufika pansi pa 76 peresenti. Koma wosewera amene amalowetsa moipa chimodzimodzi, ngati amaponya awiri okha pa gemu, akubweretserani 4 mwa 6, ndipo mutsalabe pa 79. Wachiwiriyu anthu amamuopa pachabe poona peresenti yake, n'chifukwa chake amapezeka motchipa. Osewera opeza mapointi ambiri nawonso amagwira mpira nthawi yaitali, motero amautaya kawirikawiri ndipo amaponya mipira yovuta; walira mvula walira matope, ndipo timu yodzaza ndi anthu oterewa imagonja pa kutaya mpira ndi pa peresenti ya mipira yolowa pafupifupi mlungu uliwonse.

Njira imene ndingakulangizeni ndi yosankha dala gawo limodzi loti mulisiye, chimene osewera fantasy amachitcha punt. Popeza mukufunika magawo asanu okha mwa 9 kuti mupambane mlungu, mukhoza kuvomereza kuti ma free throw, mwachitsanzo, simuwapambana, ndipo mukatero osewera onse amtali amene mndandanda unawatsitsa chifukwa cha ma free throw amakwera phindu kwa inu nokha, pamene kwa anzanu akadali otsika. Tengani mmodzi mwa opeza mapointi anu, popeza muli nawo ochuluka kuposa amene mukufunikira, mumusinthanitse ndi wotchinga mpira kapena wolanda mpira. Mnzanu amene mwasinthana nayeyo adzaona ngati wakudyerani masuku pamutu, koma pa tebulo la magawo ndi inu amene mudzakwere. Zonsezi zikukhudza ligi ya magawo. Mu ligi ya mapointi okha, werengani kaye malamulo ake kuti mudziwe chinthu chilichonse chimalipidwa mapointi angati, chifukwa kumeneko oponya kwambiri aja amabwereranso pamwamba.

FUNSO: Bambo, ndikaona wosewera wopanda mwini wapeza mapointi 25 ndimamutola nthawi yomweyo, koma gemu yotsatira amapeza 6, ndiye ndimamutaya n'kutola wina. Mlungu watha ndinataya wosewera amene tsopano akuthandiza mnzanga. Ndidziwe bwanji woyenera kumusunga?

YANKHO: Achimwene, mukatsegula zotsatira za gemu, phimbani kaye ndi chala mzere wa mapointi umene uli kumapeto, muyambe kuwerenga mzere wa mphindi ndi wa mipira imene wosewerayo waponya. Munthu amene wapeza mapointi 25 mu mphindi 19 polowetsa mipira 9 mwa 11 anangokhala ndi usiku wabwino, ndipo usiku wotero subwera kawiri motsatizana. Koma amene wapeza mapointi 11 okha mu mphindi 34, ataponya mipira 15 ndiponso atayamba gemu m'gulu la asanu oyamba, ameneyo mphunzitsi wamukhulupirira, ndipo mipira imene yakana leroyo idzalowa mawa. Woyambayo ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo wachiwiriyo ndi amene anzanu amusiya pa waiver, mndandanda wa osewera opanda mwini, chifukwa mapointi ake sakunyezimira. Kenaka funsani chimene chabweretsa mphindizo. Ngati ndi gemu imene timu ina inatsogola ndi mapointi 30 n'kupumitsa akuluakulu, mphindizo sizibweranso. Ngati ndi chifukwa chakuti mwini malo wavulala ndipo akhala kunja miyezi iwiri, kapena wasinthanitsidwa, musachedwe ngakhale ola limodzi.

Sindikufuna kuti chenjezo limeneli likuchititseni mantha, chifukwa pa waiver pamatuluka anthu osintha sizoni yonse. Jeremy Lin, amene Golden State ndi Houston anali atamutaya, anapatsidwa mpira ku New York mu Febuluwale 2012 timu itasowa woyendetsa, ndipo pa 10 mwezi womwewo anapeza mapointi 38 posewera ndi Lakers. Hassan Whiteside anabwera ku Miami mu Novembala 2014 atasewerako ku Lebanon ndi ku China, ndipo pa 25 Januwale 2015 anatchinga mipira 12 posewera ndi Chicago. Sizoni yotsatira anatsogola mu ligi ndi 3.7 pa gemu. Pa onse awiriwa panali dzenje looneka m'timu, ndipo mphindi zawo zinkakwera gemu ndi gemu. Khalani ndi malo amodzi kapena awiri a kumapeto kwa timu yanu oyeserapo anthu otere, ndipo amene mwamutola chifukwa cha mphindi mum'patse magemu anayi kapena asanu musanamuweruze. Malo omwewo mukhoza kuwagwiritsa ntchito potsata kuchuluka kwa magemu, popeza wosewera wa mapointi 16 amene ali ndi magemu anayi mlungu umenewo amakupatsani 64, pamene wa mapointi 20 wa magemu atatu amakupatsani 60.

FUNSO: Bambo, mnzanga akufuna kundipatsa katswiri amene wavulala posinthana ndi osewera anga awiri apakati. Akuti abwerera posachedwa. Kodi kumeneku si kugula motchipa kumene mumanena kuja?

YANKHO: Achemwali, nthawi zina ndi komweko, koma wovulala amatchipa pa chifukwa chenicheni, mosiyana ndi osewera amene takambirana pamwambapa, amene amatchipa chifukwa anthu sanawaonetsetse. Joel Embiid anapeza mapointi 34.7 pa gemu mu 2023-24, koma anasewera magemu 39 okha mwa 82, ndipo mu sizoni yotsatira anasewera 19. Pa gemu imene munthu sanasewere, luso lake lonse limakupatsani ziro. Kuyambira 2023-24 NBA inaika lamulo lakuti wofuna mphoto zikuluzikulu asewere magemu osachepera 65, koma katswiri amene waphonya kale magemu ambiri lamulo limeneli silimukakamizanso kanthu, ndipo matimu amapumitsabe ochira kumene pa magemu a masiku awiri otsatizana.

Musanavomere, onani ngati ligi yanu ili ndi malo osungirapo ovulala, kuti munthuyo asakutsekereni malo a wosewera wosavulala. Onaninso pamene inu muli pa tebulo, chifukwa amene ali pamwamba akhoza kudikira milungu inayi, koma amene akulimbirana malo omaliza olowera mu playoff (ndime yotsiriza yolimbirana chikho) sangakwanitse kutaya osewera awiri lero chifukwa cha lonjezo la mwezi wamawa. Chofunika kwambiri ndi kuyang'ana timu yeniyeni ya katswiriyo. Ngati ikulimbirana malo mu playoff ya NBA, idzamubwezera m'bwalo akangochira. Ngati ili kumunsi ndipo yataya chiyembekezo, ilibe chifukwa chomuthamangitsira, ndipo mu Malichi ndi Epulo, pamene maligi ambiri a fantasy amakhala pa ndime yotsiriza, mphindi zake zidzapita kwa anyamata achichepere amene timuyo ikufuna kuwayesa. Zikakhala choncho, m'kanizeni mnzanuyo mwaulemu, musunge osewera anu awiriwo, ndipo mukafufuze dzina la mnyamata amene wayamba kusewera m'malo mwa katswiriyo, chifukwa mwina akadali pa waiver ndipo mumutenga osapereka kalikonse.